Ndilembe mayeso ati? Phunziro kwa ofunsira malo ku mayunivesite ovuta kulowa



Phunziro lathu la lero likupita kwa inu amene mtima wanu uli pa mayunivesite aja amene ofunsira malo amakhala namtindi koma otengedwa n'kukhala ochepa. Ndikunena za Oxford, Cambridge, Imperial ndi LSE ku Britain, Harvard, MIT, Yale ndi Dartmouth ku America, komanso UCT ndi Wits kwa anzathu amene ali ku South Africa. Likupitanso kwa makolo, amalume ndi achimwene amene ndalama za mayeso zimachokera m'matumba mwawo.

Funso limene achinyamata amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti, "Ndilembe mayeso ati?" Wofunsayo amakhala atabwera kale ndi mndandanda wake: SAT, ACT, AP, IELTS, A-Level, zonse pamodzi, ngati munthu wogula zokometsera asanadziwe kuti ndiwo zake n'chiyani. Ine ndimamubwezera funso: mukufuna kukaphunzira chiyani, ndipo kuti? Funso limeneli ndiye loyamba. Likayankhidwa, mayeso oti mulembe amadzionetsa okha, ndipo nthawi zambiri amakhala ochepa kuposa amene munkaganiza.

Mayeso ali ngati mboni pabwalo la amfumu. Wanzeru sasonkhanitsa mboni khumi zimene sizinaone kanthu. Amatenga ziwiri kapena zitatu zimene zinalipo nkhani ikuchitika. Nkhani yanu ndi yakuti, "Ine kosi imeneyi ndingaikwanitse." Mayeso aliwonse amene sakuikira umboni pa mawu amenewa ndi ongokudyerani ndalama.

1. NKHANIYI SI YOCHEZA

Mu 2024 Harvard inatenga anthu osakwana 4 pa ofunsira 100 aliwonse. Pamalo otere pafupifupi aliyense wofunsira ndi wokhoza bwino kusukulu kwake. Nde amene wabwera ndi mayeso osagwirizana ndi kosi amagwa poyambirira penipeni, nkhani yake yonse isanamveke.

Kusankha molakwika kumadya zinthu ziwiri. Choyamba ndi ndalama. SAT imodzi yokha, kwa wolembera kunja kwa America, imapitirira madola 100, ndipo amene anayesapo kusaka madola kuno kwathu akudziwa thukuta lake. Chachiwiri ndi nthawi, ndipo ichi ndiye chopweteka. A-Level imatenga zaka ziwiri. Mukazindikira m'chaka chachiwiri kuti phunziro limene kosi yanu imafuna munalisiya, palibenso kuchitira mwina koma kusintha kosi kapena kutaya chaka.

2. ONETSETSANI KAYE KUTI MAYESOWO AKADALIPO

Izi zikumveka ngati nthabwala koma si nthabwala. Kale ku America kunali mayeso otchedwa SAT Subject Tests. Analipo 20, la masamu, la Physics, la Chemistry, la Biology, la mbiri, a zinenero, lililonse la ola limodzi, ndipo malikisi ake ankayambira pa 200 kulekeza 800. Mayunivesite akuluakulu ankafuna awiri kapena atatu mwa amenewa, ndipo achinyamata ankagona tulo tochepa poganiza kuti asankhe ati. Mu Januwale 2021 bungwe la College Board linalengeza kuti lawathetsa. Ku America analeka pomwepo, kunja analembedwa komaliza mu Juni chaka chomwecho.

Ku Britain nakonso kunali BMAT, mayeso a ofuna udokotala ku Oxford, Cambridge ndi Imperial. Analembedwa komaliza mu 2023.

Koma mabuku okonzekera mayeso amenewa akadali m'mashelefu ndi m'mafoni mwa anthu, ndipo achimwene amene anapita kunja zaka khumi zapitazo akadali kulangiza azing'ono awo kuti awalembe. Sakunama ayi, akunena zimene zinali zoona m'nthawi yawo. Malangizo awo a mmene mungapiririre kuzizira ndi kusowa kwawo atengeni ndithu. Koma za mayeso, tsegulani tsamba la yunivesite yeniyeniyo, pa kosi yeniyeniyo, ndipo muyang'ane chaka chimene chalembedwa pamwamba pake. Malamulowa akusintha pafupifupi chaka ndi chaka. Ngakhale zimene ndikulemba panozi, muzitenge ngati poyambira, kenako mukatsimikize nokha.

3. BRITAIN NDI AMERICA SAFUNSA FUNSO LIMODZI

Ku Britain mumafunsira kosi. Ngati ndi Engineering, kuyambira tsiku loyamba ndi Engineering basi. Choncho amene amasankha ophunzira amayang'ana kuzama kwanu pa maphunziro awiri kapena atatu okhudza kosiyo. Kuti mumaimba bwino kapena munali kaputeni wa timu, kwa iwo n'zapambali.

Ku America, m'mayunivesite ambiri amene ndatchulawa, mumafunsira malo pa yunivesite, ndipo phunziro lenileni mumadzasankha mutalowa kale, kawirikawiri chakumapeto kwa chaka choyamba kapena m'chaka chachiwiri. Iwo amayang'ana munthu yense: zotsatira za kusukulu, mayeso a SAT kapena ACT, nkhani zimene mwalemba za moyo wanu, makalata a aphunzitsi, ndi zimene mwachita kudera kwanu.

Tanthauzo lake n'lakuti mboni yamphamvu ku America ikhoza kukhala yopanda mawu ku Britain. Wophunzira wa A-Level amene akufuna Cambridge yokha safunikira SAT. Malo a A* ya masamu sangatengedwe ndi malikisi a SAT ngakhale atakwera chotani. Nde musanalipire chilichonse, dziwani khomo limene mukugogoda.

4. KU BRITAIN, YAMBIRANI PA KOSI N'KUBWERERA M'MBUYO

Oxford ndi Cambridge amafuna magiredi oyambira pa AAA kufika pa A*A*A, kutengera kosi. Koma zilembo zokhazi sizinena zonse. Funso ndi lakuti A* imeneyo ili pa phunziro liti.

Tiyerekeze mlongo wathu akufuna Economics ku LSE. Mwanzeru zake wasankha A-Level ya Economics, Business ndi Accounting, poona kuti zonse zikununkhira za chuma. Masamu wawasiya poti amavuta. Chitseko chatsekeka pomwepo. LSE pa kosi imeneyi imafuna A* ya masamu, pamene A-Level ya Economics siikakamiza n'komwe. Chifukwa chake n'chakuti Economics ya payunivesite ndi masamu kuyambira sabata yoyamba.

Chimodzimodzi Computer Science ku Cambridge. Chimene amafuna kwenikweni ndi masamu, ndipo Further Mathematics imathandiza kwambiri. A-Level ya Computer Science si yokakamiza. Pa Engineering, masamu ndi Physics. Pa udokotala, Chemistry ndiye mwini nkhani pafupifupi kulikonse, ndipo ambiri amafunanso Biology. Pa zamalamulo palibe phunziro lokakamiza, ngakhale A-Level ya Law imene. Amafuna munthu wodziwa kuwerenga mwakuya ndi kulemba mfundo zomveka, choncho History kapena Literature zimamuikira umboni wabwino.

Mukuona? Dzina la phunziro likhoza kufanana ndi dzina la kosi koma osakhala limene akufuna.

Pamwamba pa A-Level palinso mayeso apadera olowera, ndipo awanso amatsatira kosi:

UCAT ndi ya ofuna udokotala ndi za mano. Imalembedwa pakompyuta pakati pa Julayi ndi Sepitembala, ndipo munthu amalemba kamodzi kokha pachaka.

LNAT ndi ya ofuna zamalamulo ku Oxford, Cambridge, UCL, LSE, King's ndi ena. Ili ndi mafunso 42 osankha yankho, kenako nkhani imodzi yolemba m'mphindi 40.

ESAT ndi ya Engineering ndi sayansi ku Cambridge ndi Imperial. Inayamba mu 2024.

TMUA ndi ya makosi odalira masamu monga Computer Science ndi Economics.

STEP ndi ya ofuna digiri ya masamu ku Cambridge. Imalembedwa mu Juni, nthawi imodzi ndi A-Level, ndipo ndi yovuta kuposa A-Level.

Palibe munthu amalemba onsewa. Kosi imodzi imayenda ndi mayeso amodzi, mwina awiri. Dziwaninso kuti pa fomu ya UCAS mumasankha malo asanu okha, ndipo pa udokotala anayi. Komanso simungafunsire Oxford ndi Cambridge chaka chimodzi pa digiri yoyamba, muyenera kusankhapo imodzi.

Kwa amene mukufuna kulemba A-Level panokha, osadzera kusukulu, pali chinthu chimodzi choti mufunse msanga. Physics, Chemistry ndi Biology za Cambridge International zili ndi pepala lochitira mu labotale. Pezani kaye malo ovomerezeka amene angakulembetseni pepala limeneli musanagule ndi buku limodzi lomwe.

5. KU AMERICA, SAT YABWERERA

Nthawi ya Covid-19 mayunivesite ambiri a ku America analeka kukakamiza SAT ndi ACT. Mawu aja akuti "masiku ano SAT safunanso" anachokera pamenepo, ndipo akuyendabe m'magulu a WhatsApp mpaka lero. Koma zinthu zinatembenuka. MIT inabwezeretsa lamulo la mayesowa mu 2022. Mu 2024 Dartmouth, Brown, Harvard ndi Caltech anachitanso chimodzimodzi. Chaka chomwecho Yale inalengeza kuti ikufuna mayeso, koma munthu asankhe pakati pa SAT, ACT, AP ndi IB. Mbali inayi, University of California siyang'ana SAT kapena ACT posankha ophunzira ngakhale mutatumiza. Dziko limodzi, malamulo atatu osiyana.

Chifukwa chimene Dartmouth inapereka n'chofunika kwa ife. Aphunzitsi ake atafufuza anapeza kuti ophunzira ochokera m'mabanja osauka ndi m'masukulu osadziwika ankabisa malikisi awo poganiza kuti ndi otsika, chonsecho malikisi omwewo akanawathandiza. Osankha ophunzira amawerenga malikisi poyang'ana kumene munthu wachokera. Amene wakhoza bwino akuwerengera tochi, pasukulu yopanda laibulale, malikisi ake amalankhula mokweza kuposa malikisi omwewo a mwana amene anali ndi mphunzitsi wapadera. Choncho musadziderere. Kwa munthu wochokera kusukulu imene dzina lake sanalimvepo, SAT ndi mboni imene iwo amaidziwa nkhope.

SAT kapena ACT? Mayunivesite amalandira onse mofanana, nde lembani amodzi. SAT tsopano ndi ya pakompyuta, kunja kwa America inayamba choncho mu Malichi 2023. Imatenga maola awiri ndi mphindi 14, ili ndi mafunso 54 a kuwerenga ndi kulemba Chingerezi ndi 44 a masamu, ndipo malikisi amayambira pa 400 kufika 1600. Gawo lililonse lili pawiri, ndipo mmene mwachitira m'chigawo choyamba ndi mmene chachiwiri chimavutira kapena kuphwekera. Malikisi a ACT amalekeza pa 36. Njira yodziwira yokuyenerani ndi yosavuta: khalani pansi ndi wotchi, lembani mayeso oyeserera a SAT tsiku lina, a ACT tsiku lina, muone pamene mwapuma bwino. Kenako onani kuti ndi ati amene ali ndi malo olembera amene mungafikeko. Mayeso oyeserera a SAT ali mu pulogalamu ya Bluebook, ndipo Khan Academy imaphunzitsa, zonsezi mwaulere.

Nanga AP? Awa ndi mayeso a phunziro limodzilimodzi, amalembedwa mu Meyi, ndipo giredi yapamwamba ndi 5. Ndi a ana a masukulu otsatira dongosolo la ku America. Ngati sukulu yanu siphunzitsa AP, palibe amene angakuimbeni mlandu kuti bwanji mulibe. Ndipo ngati mukulemba kale A-Level ya Physics, kulipiranso AP ya Physics ndi kuitana mboni imodzi kawiri.

Harvard inanenanso kuti pamene munthu walephereratu kupeza polembera SAT kapena ACT, ikhoza kulandira zotsatira za AP, IB, A-Level kapena mayeso a boma omalizira sekondale. Limeneli ndi khomo la amene atsekeredwa zenizeni, osati la amene sanafune kuyesa.

6. CHENJERANI NDI MASAMU, ALI PAWIRI

Pali msampha umodzi umene umapezeka m'madongosolo onse, ndipo umagwira ana anzeru. Masamu amakhala a mitundu iwiri, ena ozama, ena ophwekerapo, ndipo pa satifiketi onse amaoneka ngati masamu.

Ku South Africa, polowa Grade 10 mwana amasankha pakati pa Mathematics ndi Mathematical Literacy. Aphunzitsi ena amakankhira ana ku yachiwiriyi kuti akhoze bwino matric. Koma Engineering, udokotala ndi madigiri a sayansi ku UCT ndi Wits amafuna Mathematics yeniyeni, pamodzi ndi Physical Sciences. Makolo amene muli ndi ana kumeneko, chisankho chimenechi chimachitika mwana ali ndi zaka pafupifupi 15, musalole kuti chidutse inu osadziwa. Kumeneko kulinso mayeso a NBT, amene ali pawiri: AQL ya kuwerenga ndi kulingalira manambala, ndi MAT ya masamu, imene makosi a sayansi amafuna.

Mu IB, wophunzira amatenga maphunziro asanu ndi limodzi, atatu mwa iwo pa Higher Level, ndipo mapointi onse amakwana 45. Masamu ake ndi Analysis and Approaches kapena Applications and Interpretation. Pa Engineering, Physics ndi masamu, yotetezeka ndi Analysis and Approaches pa Higher Level. Mu AP muli Calculus AB ndi Calculus BC, yozama ndi BC. Mu IGCSE muli Core ndi Extended, ndipo wolemba Core giredi yapamwamba imene angapeze ndi C, ngakhale atakhoza funso lililonse.

Sindikunena kuti aliyense atenge masamu ovuta. Amene akufuna History kapena zamalamulo sakuyenera kudzizunza nawo. Ndikunena kuti musasankhe ophweka musanadziwe zitseko zimene akutseka.

7. ATATU OKHOZA BWINO AMAPOSA ASANU ONGOKANDA

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Oxford ndi Cambridge amapereka malo potengera ma A-Level atatu. Wachinayi amene amapindulitsa kawirikawiri ndi Further Mathematics, kwa ofuna masamu, Physics, Engineering kapena Computer Science. Kupatula apo, munthu wa A*A*A pa maphunziro atatu oyenera ali patsogolo pa wa AABBB pa asanu. Maola amene mukanathera pa phunziro lachisanu apatseni mapepala akale a ESAT kapena LNAT.

Ena amalemba SAT kanayi, kasanu, osasintha kawerengedwe kawo, akuyembekezera kuti tsiku lina mwayi udzagwa. Ine ndimalangiza kawiri: koyamba mutakonzekera mokwanira, kachiwiri mutakonza pamene munafooka. Kachitatu pokhapokha ngati mayeso oyeserera akuonetsa kuti mwakweradi.

Mayeso a Chingerezi nawonso muziyamba mwafunsa. Ena amavomereza giredi yabwino ya IGCSE, ena amafuna IELTS kapena TOEFL. IELTS ili pawiri, Academic ndi General Training, ndipo ya kuyunivesite ndi Academic. Zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, nde kulemba mukadali fomu 3 n'kutaya ndalama.

8. NANGA IFE A MSCE?

Ndikudziwa kuti ambiri amene mukuwerenga muli ndi MSCE, ndipo mwina mtima wayamba kale kugwa. Tiyeni tilankhulane chilungamo. Mapointi 6 kapena 9 pa MSCE ndi chinthu chachikulu, ndipo amatsegula zitseko za KUHeS, MUBAS, MUST, UNIMA, LUANAR ndi Mzuni. Koma mayunivesite ambiri a ku Britain amaiona MSCE ngati yofanana ndi GCSE, osati A-Level. Choncho pakati pa MSCE ndi Oxford pamafunika mlatho: A-Level kapena IB. Ku South Africa nakonso, wobwera ndi satifiketi yakunja amayenera kupeza chikalata chovomereza kuchokera ku Matriculation Board.

Milatho ilipo. Kamuzu Academy ku Mtunthama ndi Saint Andrew's ku Blantyre amaphunzitsa A-Level, Bishop Mackenzie ku Lilongwe imaphunzitsa IB. Fizi yake si ya aliyense, izi tonse tikudziwa. Koma palinso masukulu a UWC, monga Waterford Kamhlaba ku Eswatini, ndi African Leadership Academy ku Johannesburg, amene amatenga achinyamata a m'maiko osiyanasiyana ndipo ali ndi thandizo la fizi. William Kamkwamba wa ku Wimbe, Kasungu, uja wa makina amphepo, anadzera ku African Leadership Academy asanapite ku Dartmouth, kumene anamaliza mu 2014. Sanadumphe mtsinje, anadzera pamlatho.

Ku America njira ndi yotsegukirapo, chifukwa amalandira mafomu a omaliza sekondale m'dongosolo la dziko lawo. Kwa wa MSCE amene akuyang'ana kumeneko, mboni zake ndi zitatu: magiredi a MSCE, makamaka masamu ndi sayansi ngati akufuna sayansi, SAT kapena ACT, ndi mayeso a Chingerezi ngati afunsidwa. Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst ndi Dartmouth sayang'ana m'thumba mwanu posankha, ngakhale ndinu wakunja, ndipo akakutengani amathandiza molingana ndi kusowa kwanu. Ofesi ya EducationUSA, ya ku kazembe wa America, imalangiza mwaulere. Safunsa anadya phula.

Koma lembaninso mafomu a mayunivesite a kuno kwathu chaka chomwecho. Pamene akutenga anthu 4 pa 100, ngakhale wokonzeka bwino akhoza kutsala, ndipo kutsalako sikutanthauza kuti ndi mbuli.

9. KALENDALA NAYO NDI MAYESO

Ambiri sagwa ndi mafunso, amagwa ndi masiku. Mafomu a Oxford, Cambridge ndi udokotala ku Britain amatsekedwa pa 15 Okutobala, pafupifupi chaka chathunthu sukulu isanayambe. Kulembetsa mayeso olowera kumatsekedwa masiku amenewa asanafike, kawirikawiri mu Sepitembala, ndipo kutumiza fomu ya UCAS sikutanthauza kuti mwalembetsanso mayesowo. Ndi ntchito ziwiri zosiyana. Ku America, ofunsira msanga amatumiza pofika 1 Novembala, ena onse kumayambiriro kwa Januwale. Nde SAT yoyamba ikhale italembedwa pofika Meyi kapena Juni, kuti mukafuna kubwereza mupeze mpata mu Ogasiti kapena Okutobala.

Ifeyo tili ndi kalendala yachiwiri yoti tiziyang'ana. Ramadan imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Mu 2025 SAT ya Malichi inagwera mkati mwa Ramadan, ndipo Eid ul-Adha inafika kumayambiriro kwa Juni, mayeso a A-Level ali mkati. SAT imalembedwa Loweruka m'mawa, kangapo pachaka, choncho mwezi mumasankha nokha. Dzifunseni moona ngati mutu wanu umagwira bwino m'mawa mukusala. Ena amatero, ena ayi. Masiku a A-Level ndi IB simusankha, ndipo pepala likhoza kugwa Lachisanu masana. Yang'anani ndandanda ikangotuluka, muuze a pabanja, ndipo ngati pali funso la chipembedzo mukafunse masheikh nthawi ikadalipo, osati usiku woti mawa ndi mayeso.

Kanthu kena kakang'ono koma kamene kangakubwezeni pakhomo ndi dzina. Mayina athu amalembedwa mosiyanasiyana: Muhammad, Mohammed, Yusuf, Yusufu, Aisha, Ayisha. Dzina limene mwalembetsera mayeso lifanane chilembo ndi chilembo ndi la pa pasipoti. Ngati satifiketi ya MSCE ili ndi kalembedwe kena, yambani kukonza lero. Ndipo poti SAT imalembedwa pa laputopu kapena tabuleti, osati pafoni, konzani msanga kumene mudzapeze chipangizo, muyesererepo kunyumba, ndipo tsikulo chikhale chodzaza moto.

Munthu akakuuzani kuti ali ndi likasa la SAT, kapena kuti angakupezereni wokulemberani, mutalikireni. Mu 2019 ku America kunaululika chinyengo chachikulu cha mtundu umenewu, ndipo makolo olemera ndi otchuka anakalowa m'ndende. Zotsatira zimafafanizidwa, malo amalandidwa. Ndipo ngakhale palibe akanakugwirani, malo opeza mwachinyengo ndi malo olanda kwa mnzanu amene anawavutikira.

10. NTCHITO YA SABATA INO

Tengani pepala ndi cholembera, osati foni. Pamwamba lembani kosi imodzi imene mukufuna, ndi ina yachiwiri ngati yoyamba itakanika. Pansi pake lembani mayunivesite asanu ndi limodzi: awiri ovuta kwambiri, awiri apakati, awiri amene muli ndi chikhulupiriro kuti angakutengeni, kuphatikizapo a kuno kwathu.

Pa yunivesite iliyonse yankhani mafunso asanu, mayankho ake ochokera pa tsamba lawo la chaka chino. Kodi satifiketi yanga amailandira? Ndi maphunziro ati okakamiza, ndipo pa giredi yanji? Pali mayeso apadera olowera? Kulembetsa kumatsekedwa liti? Zonse pamodzi ndi ndalama zingati, kuphatikizapo ulendo wopita kolembera?

Mukamaliza, zungulizani mayeso amene akuonekera kawiri kapena katatu. Amenewo ndiwo anu. Amene aonekera kamodzi kokha, dzifunseni ngati yunivesite imeneyo mukuifunadi mpaka kuilipirira mayeso akeake. Amene sanaonekere n'komwe, asiyeni, ngakhale anzanu onse akulemba.

Pepala limeneli mukalionetse amene adzalipire. Bambo kapena amalume akaona kuti mukupempha ndalama za mayeso awiri, ndi chifukwa chake, ndi tsiku lake, amamasuka kuposa mukangowauza kuti "pakufunika ndalama za mayeso akunja." Mukalionetsenso mphunzitsi amene amakudziwani bwino, akuuzeni mosabisa ngati magiredi amene mwalemba mungawafike.

Kwa inu amene mukadali fomu 2 kapena fomu 3, musaone ngati nkhaniyi ndi ya akuluakulu. Maphunziro amene mukusiya panopa ndi amene adzanene zitseko zimene zidzakhale zotseguka mukadzafika zaka 18. Musanasiye Physics kapena Chemistry poti mnzanu wasiya, funsani kaye kuti kosi imene mumailota imafuna chiyani.

Amene mwadutsa kale m'njira imeneyi, tengani mng'ono mmodzi mumuthandize kudzaza pepala lake. Allah atipatse kuzindikira kopindulitsa, ndipo afewetse njira ya aliyense amene akukonzekera mayeso chaka chino.